Lamba wa Magalasi

Loweruka lapitali, nditakhala pamthunzi pafupi ndi dziwe limene mdzukulu wanga amaphunzirako kusambira, ndinaona bambo wina wolemekezeka akunyamuka pampando mwaukali, pakuti lamba wa magalasi osambirira a mwana wake anali ataduka pakati pa madzi, ndipo mphunzitsi, mayi amene pa utsikana wake ankapikisana m'dzina la koleji yake, m'malo momutulutsa anangofuula kuti, "Pitiriza, mwanawe, khoma silinasunthe; werenga kupalasa kwako!"

"Mayi, kodi mufuna mwana wanga achite khungu?" anatero bamboyo.

Mtima wanga unawawa, ndipo owerenga akudziwa chifukwa chake, popeza ndadandaula kawirikawiri m'danga lino kuti ife makolo tasanduka onyamulira ana zikwama ndi owachotsera kamwala kalikonse panjira, tsono n'kumazizwa kuti mapazi awo ndi anthete ngati a khanda. Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba, ndipo ine ndikhulupirira kuti chouma msanga mwa mwana si mkono ayi, koma mtima.

Taonani Bob Bowman, amene anasambirira sukulu yaukachenjede ya Florida State asanakhale mphunzitsi wa katswiri wosambira Michael Phelps ku Baltimore. Iye, podziwa kuti tsiku la tsoka silitumiza mthenga, anaphunzitsa mnyamatayo kuuona mpikisano wonse m'maganizo asanagone, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo nthawi ina anaponda dala magalasi ake kuti azolowere kusambira osaona bwino. Ndipo kunali ku Beijing m'chaka cha 2008, pa mpikisano wa mamita 200 wa butterfly, kuti madzi anadzaza m'magalasi a Phelps kufikira khoma linabisika. Koma iye, wosatekeseka, anawerenga kupalasa kwake monga wakhungu awerengera mapazi a njira ya kwawo, nafika woyamba, naposa liwiro lonse limene linalembedwapo, natenga imodzi mwa mendulo zake 8 zagolide za chaka chimenecho.

Luso la manja aliyense angaliwerenge m'buku. Koma kuugwira mtima pamene chifuwa chikupsa amakudziwa yekhayo amene anamwapo madzi a mpikisano, n'chifukwa chake ndipempha makolo anzanga kuti aphunzitsi oterewa tiziwasiya agwire ntchito yawo.

Kamwana kaja kanafika pakhoma maso ali psuu, kakupuma wefuwefu, ndipo kasanayang'ane n'komwe kwa atate ake, kanauza mphunzitsi kuti kanapalasa ka 22.