Masiku Awiri ku Dar es Salaam: Kamera Tiilozetse Kuti?

Ambiri a ife a m'Zambia tikamapita ku Dar es Salaam sitipita kukaona malo. Wina akukatenga galimoto ku doko, wina akukaoda nsalu ku Kariakoo, wina watumidwa ku msonkhano wa Mpingo. Nchito ikatha pamatsala tsiku limodzi kapena awiri, ndipo munthu wobadwira m'dziko lopanda nyanja ya mcere amayamba kudzifunsa kuti akajambule kuti, kuti a kumudzi akaoneko kumene iye anaponda. Kawirikawiri zotuluka zake n'zosauka. Zithunzi zimene timaonetsana pabwalo la chalichi Misa itatha ndi za munthu ataimirira pambali pa galimoto, kapena pakhomo pa sitolo yaikulu yosasiyana ndi za ku Lusaka. Ulendo wa makilomita 1,860, umene ndiwo utali wa njanji ya TAZARA kucokera ku Kapiri Mposhi, uyenera kubala zoposa zimenezi.

Tisanachule malo, tikambe za nthawi, pakuti ndiyo imasowetsa mlendo mtendere. Mzindawu wapenya kum'mawa. Dzuwa limatulukira m'nyanja ca m'ma 6 koloko caka conse, ndipo limalowera kumtunda, kuseri kwa nyumba. Wofuna cithunzi ca dzuwa pamadzi adzuke m'mamawa, asayembekeze madzulo monga ticitira pa mtsinje wa Zambezi ku Livingstone. Pakati pa usana kuwala kumaposa muyeso: makoma oyera amathobwa m'maso, ndipo nkhope zathu zimatuluka zakuda bii, maso osaoneka. Kumbukirani kuti koloko ya ku Tanzania ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi. Ndiponso m'Ciswahili maola amawerengedwa kuyambira m'bandakuca, kotero kuti akakuuzani kuti Misa iyamba "saa moja asubuhi", ndiye kuti 7 koloko ya m'mawa. Nayo nyanja ili ndi nthawi yake. Madzi amadzaza ndi kuphwera kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse amacedwerako ndi mphindi ngati 50. Pamene dzulo munaona ngalawa zikuyandama, lero pa ola lomwelo mungapeze matope okhaokha. Asodzi ndiwo adziwa bwino zimenezi, afunseni.

Tsiku loyamba liyambire ku msika wa nsomba wa Kivukoni, pakamwa pa doko. Kumeneko kukamaca asodzi amatsitsa nsomba za usiku, ogula akupikisana mitengo, amayi akupala mamba, ndipo kuseri kwao zombo zikuluzikulu zimadutsa pampata wopapatiza zedi. Koma pano mpofunika ulemu. Anthu amenewa ali pa nchito yodyetsa ana ao, sanabwere kudzakongoletsa zithunzi zathu. Perekani moni coyamba; kwa wamkulu munene "Shikamoo", kenaka mupemphe kuti "Naomba kupiga picha". Wina adzabvomera, wina adzafuna kandalama, wina adzakana, makamaka amayi a Cisilamu, amene ali ambiri m'mbali mwa nyanjayi. Wokana musamujambule mwakabisira. Ife tomwe sitikondwa mlendo akatilozetsa kamera pa msika wa Soweto popanda kutilonjera.

Cenjezo lina ndi lakuti pafupi pomwepo pali Ikulu, nyumba ya boma ya pulezidenti. Nyumba imeneyo, malo a asilikali ndi mkati mwa doko sizijambulidwa. Foni ikhale m'thumba podutsa pamenepo, ndipo pokwera pantoni yowolokera ku Kigamboni funsani kaye ogwira nchito. Wa masiku awiri okha alibe tsiku loti akalithere ku polisi.

Kucoka ku Kivukoni yendani wapansi m'mphepete mwa doko. Mudzapitirira chalichi ca Lutheran ca Azania Front, ca denga la matailosi ofiira, kufikira pa Kathedrale ya Yosefe Woyera mu msewu wa Sokoine Drive. Anaimanga ndi amishoni a Cibenedikito a ku Germany pakati pa 1897 ndi 1902, khomo lake litapenya ku doko. Nsanja yake ndi yaitali, ndipo woima pafupi amadula mtanda wa pamwamba. Wolokani msewu kuti ilowe yonse. Mkati muli mazenera a magalasi a mitundumitundu kuseri kwa guwa. Awa amaoneka bwino mukazimitsa kuwala kwa kamera ndi kutsamira pa benchi kuti dzanja lisanjenjemere. Ine ndiona kuti si bwino kujambula Misa ili mkati, ngakhale ena onse atakweza mafoni ao. Pempherani nao coyamba, mujambule anthu atatuluka.

Mu msewu womwewo muli nyumba yakale ya a White Fathers yochedwa Atiman House, imodzi mwa nyumba zakale kwambiri mu mzindawu. Dzinalo ndi la Adrien Atiman, amene anaomboledwa mu ukapolo ali mwana, naphunzira za mankhwala, natumikira monga sing'anga ndi katekisiti ku Karema, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, mpaka imfa yake mu 1956. Kunja kwake sikokongola kwenikweni, komabe Mkatolika wa m'Zambia asaipitirire, pakuti cipani cimeneci ndico cinatsegula mishoni ya Mambwe mu 1891.

Pang'ono kulowa mkati mwa mzinda, pamphambano ya msewu wa Samora Avenue, pali cifanizo ca msilikali wa Ciafrika atagwira mfuti, cimene cinaimikidwa mu 1927 pokumbukira asilikali ndi amtengatenga a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Nkhondo imeneyo inatikhudza: makolo athu ambiri anasenza katundu wa asilikali, ndipo gulu la nkhondo la Germany linatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, pa 25 November 1918. Ngakhale dzina loti Kariakoo linacokera ku "Carrier Corps", gulu la amtengatengawo. Ku Kariakoo kwenikweniko kamera musaionetse. Khamu ndi lalikulu, ndipo manja ena ndi opepuka.

Tsiku laciwiri, mukandifunsa ine, musalitayire ku magombe a mahotela. Pitani ku Bagamoyo, makilomita ngati 70 kumpoto, ndipo munyamuke kusanace kuti mupewe kuthithikana kwa magalimoto potuluka mu mzinda. Kumeneku ndiko kunkathera njira ya minyanga ya njobvu ndi ya akapolo yocokera mkati mwa Afrika. Abambo a cipani ca Mzimu Woyera anakhazikitsako mishoni mu 1868, nayamba kuombola akapolo, makamaka ana, ndi kuwamangira mudzi. A White Fathers oyamba opita ku nyanja zazikulu za mkati ananyamukira pomwepa mu 1878. Pagombe pali mtanda wokumbutsa kufika kwa Uthenga Wabwino. Ujambuleni m'mawa, nyanja ili kumbuyo kwake, ndipo muonetsetse kuti mzere umene madzi akumana ndi thambo wagona mowongoka; ukapendekeka, cithunzi cimaoneka ngati nyanja ikutayikira mbali imodzi. Mukaimika mnzanu pamenepo dzuwa lili kumbuyo kwake, nkhope yake idzada. Aime cam'mbali kuti kuwala kumugwere patsaya.

Mkati mwa mishoni muli nsanja imene inatsala ya chalichi coyamba, yodziwika ndi dzina la Livingstone. David Livingstone anamwalira kwa mfumu Chitambo, m'dziko lathu lino, mu May 1873. Mtima wake anaukwirira pansi pa mtengo wa mpundu, koma thupi analiumitsa, ndipo Susi, Chuma ndi anzao analinyamula miyezi isanu ndi inayi mpaka anafika nalo ku Bagamoyo mu February 1874. Amishoni Acikatolika analilandira ndi kuligoneka m'chalichi cao lisanawolotsedwe kupita ku Zanzibar, ngakhale mwini wake sanali wa Mpingo wathu. Amene anafikapo pa cikumbutso ca kwa Chitambo akajambula nsanjayi adzakhala ndi mathero onse awiri a ulendo umodzi, woyendedwa ndi mapazi a anthu akuda amene mabuku a sukulu amangowachula mothamanga. Cithunzi cotere n'coyenera kucitsukitsa pa pepala ndi kulemba kumbuyo kwake malo ndi tsiku, osati kucisiya m'foni imene mawa ingabedwe kapena kufa.

Palinso nyumba yosungiramo zakale, mmene muli maunyolo a akapolo ndi zolembedwa za amishoni. Pemphani cilolezo kwa woyang'anira musanajambule. Ndipo musanacoke, pitani ku manda a amishoni oyambawo. Werengani zaka zolembedwa pa miyala, mudzaona kuti ambiri anafa akali anyamata, malungo atawapeza asanathe zaka zambiri m'dzikolo. Malembawo anafufutika ndi mphepo ya mcere, ndipo dzuwa likakhala pamutu saoneka m'cithunzi. Dikirani lipendeke, ca m'ma 3 koloko, kuti mthunzi ulowe m'mizere ya malembawo. Pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa, pakuti cinyezi ca kunyanja cimasiyapo nkhungu, ndipo mukatha fulumirani kukakwera basi kuti mdima usakupezeni pa msewu wobwerera ku Dar es Salaam.