CHENJEZO: Musaboole Matuza Oyabwa a M'manja ndi Kumapazi

Amayi, abambo ndi achinyamata nonse, makamaka inu amene mumakhalira kugwira madzi, sopo, simenti kapena mankhwala a tsitsi, ndi inu amene mumaswera m'nsapato zotseka: kukatentha, timatuza toyabwa ta m'zikhatho, m'mbali mwa zala ndi pansi pa mapazi timazunza anthu ambiri. Chonde musatiboole ndi singano, pini, minga kapena lezala. Musatithire Jik, madzi a batire, mafuta a mabuleki, phulusa, mchere kapena mankhwala otsukira mano. Matendawa paokha sapha munthu ndipo sapatsirana. Chimene chimafikitsa munthu pogonekedwa m'chipatala ndi chilonda chimene chimabwera khungu likabooledwa kapena kuwotchedwa.

Matendawa ndi otani?

Achipatala amawatcha pompholyx, ndipo ndi mtundu umodzi wa eczema. Amayamba ndi kuyabwa kapena kutentha m'kati mwa khungu, pamwamba pasanaoneke kanthu. Kenako pamatuluka timatuza tolimba, tozama, tamadzi oyera, tothithikana ngati mazira a nsomba, ndipo nthawi zambiri timatuluka m'manja monse muwiri kapena kumapazi onse awiri. Tina timaphatikana n'kupanga thuza lalikulu, moti khasu, mthiko ngakhale cholembera sizigwirika. Pakatha masabata awiri kapena atatu timauma, khungu limasupuka, ndipo pamatsala ming'alu yowawa kwambiri ikakhudza sopo kapena ndimu. Ena amadwala kamodzi kokha, koma kwa ambiri matendawa amapita n'kubweranso. Amakonda akuluakulu osakwana zaka 40, komanso anthu amene kumtundu kwawo kuli mphumu kapena eczema.

Madzi a m'matuzawa si mafinya. Amachokera m'khungu lomwelo likatupa, ndipo alibe tizilombo toti n'kupatsira wina. Mutha kupatsana moni, kudyera mbale imodzi ndi kugona mphasa imodzi popanda mantha. Wodwalayo sanaponde mankhwala, sanalodzedwe, ndipo kumutema mphini kumangowonjezera zilonda pakhungu lodwala kale.

Zimene zimawadzutsa

Khungu lili ndi mafuta ake amene amaliteteza. Sopo waufa, sopo wotsukira mbale ndi kunyowa tsiku lonse zimachotsa mafutawo, n'chifukwa chake ochapa, otsuka magalimoto, ogwira ntchito m'malesitilanti ndi azamba amavutika kawirikawiri. Simenti yonyowa imawotcha khungu, ndiponso ili ndi chromate, amene matupi a amisiri ena omanga nyumba amadana naye. Nickel wa m'mphete zotchipa, makiyi ndi ndalama zachitsulo amachitanso chimodzimodzi kwa ena. Ku saluni kuli mankhwala owongolera tsitsi ndi odayira. Kumunda ndi ku ntchito zaulonda kuli thukuta la m'magambutsi ndi m'majombo. Nkhawa nazo zimadzutsa matuzawa: ambiri amawaona nthawi ya mayeso, ya ngongole kapena pambuyo pa maliro.

Yang'ananinso pakati pa zala zakumapazi. Ngati khungu layera, lanyowa ndipo likung'ambika, limenelo ndi linyetsu, ndipo lingathe kudzutsa matuza m'manja ngakhale kuti lili kumapazi. Popanda kuchiza linyetsulo, manja sapola msanga.

N'chifukwa chiyani kuboola n'koopsa?

Usiku kuyabwa kukafika povuta, munthu amadzuka, amayatsa tochi ya pafoni, amasolola pini pa chitenje n'kuyamba kuboola thuza limodzilimodzi. Timadzi tikatuluka amamva ngati kwapepuka. Koma chikopa cha pamwamba pa thuza ndicho chinali chotchinga. Chikachoka, tizilombo totchedwa Staphylococcus, timene timakhala pakhungu ndi m'zikhadabo za anthu ambiri, timalowa m'mnofu. M'mawa dzanja lomwelo likapalasa makala, likasenda tomato, likachapa matewera. Phazi lomwelo likaponda fumbi ndi matope. Masiku ochepa okha, madzi oyera aja amasanduka mafinya, dzanja limatupa, ndipo tizilomboto tikafika m'magazi moyo umene umakhala pa chiswe. Dothi likalowa pabala lingabweretse kafumbata, ndipo lezala yobwerekana ingafalitse HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B.

Jik, madzi a batire ndi mafuta a mabuleki sizichiza chilichonse. Kuyabwa kumaleka chifukwa khungu lapsa ndipo ululu waphimba kuyabwako. Bala la kupsa limachedwa kupola kuposa matuza aja, ndipo pachikhatho lingasiye chipsera chokoka zala.

Pitani kuchipatala lero lomwe mukaona izi

– Matuza achita mafinya, kapena pali nkhanambo zachikasu ndi fungo.
– Dzanja kapena phazi latupa, likutentha mukaligwira, ndipo likuwawa kuposa mmene likuyabwira. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, choncho khulupirirani kutentha, kutupa ndi kuderako kwa malowo.
– Ululu kapena mzere wotupa ukukwera kumkono kapena kumwendo, kapena mwatuluka mwanabele m'khwapa kapena m'mphechepeche.
– Thupi latentha, mukunjenjemera kapena mwafooka.
– Tizilonda tozungulira, tofanana kukula, towawa, tikufalikira mofulumira, makamaka tikayandikira kumaso.
– Muli ndi matenda a shuga ndipo phazi lachita thuza kapena mng'alu, ngakhale waung'ono. Shuga amachititsa dzanzi kumapazi, moti chilonda chimakula mwini wake osamva kuwawa, ndipo mapeto ake ena amadulidwa chala kapena mwendo.
– Muli ndi HIV, ndinu oyembekezera, kapena wodwalayo ndi khanda.

Si matuza onse amene ndi eczema

Musadzipime nokha. Mphere nazo zimakonda pakati pa zala ndi pamfundo za manja, koma zimayabwa kwambiri usiku, zimafika m'chiuno ndi kumaliseche, ndipo mupeza kuti ena m'nyumbamo akukandanso. Zimenezo zimafuna kuti banja lonse lilandire mankhwala tsiku limodzi ndipo zovala ndi zofunda zichapidwe. Mpox, imene inapezeka m'Malawi muno mu Epulo 2025, ingatulutse matuza m'zikhatho ndi kumapazi, koma kawirikawiri imabwera ndi kutentha thupi, mwanabele ndi zilonda kumaso, m'kamwa kapena kumaliseche. Iyo ndi yopatsirana: phimbani zilondazo, musakhudzane ndi ena, ndipo muuzeni wachipatala mukangofika. Madontho osayabwa a m'zikhatho ndi pansi pa mapazi angakhale chindoko, chimene chimachizika akachipeza poyeza magazi. Mwana wamng'ono amene watentha thupi, ali ndi zilonda m'kamwa ndi timatuza m'manja ndi kumapazi, nayenso akaonedwe. Ngati matuzawa akukutulukani koyamba, kaonetseni musanapake chilichonse.

Zochita kunyumba

Kuyabwa kukakula, viikani kansalu koyera m'madzi ozizira, kafinyeni, ndipo kaikeni pamalopo kwa mphindi 15. Madzi otentha amakoma pa nthawiyo koma amawonjezera kuyabwa pambuyo pake. Wengani zikhadabo. Pogona valani magolovesi a thonje kapena masokosi oyera m'manja, kuti musadzikande muli m'tulo.

Dzolani mafuta opanda fungo, monga Vaseline woyera, kangapo pa tsiku: mukangosamba m'manja, mukamaliza ntchito, ndiponso pogona. Mafuta onunkhira ndi sopo wa mankhwala zisiyeni kaye. Koma samalani ndi moto. Nsalu, bandeji kapena zofunda zimene zamwa mafuta amenewa zimayaka msanga, choncho musayandikire mbaula, kandulo, koloboyi kapena fodya woyaka mutavala magolovesi amafuta.

Musasiye kusamba m'manja. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatiphunzitsa zowawa, ndipo matuza si chifukwa chodyera ndi manja akuda. Sambani ndi sopo wamba pang'ono, tsukuluzani bwinobwino, pukutani mosisita pang'onopang'ono mpaka pakati pa zala, kenako dzolani. Vulani mphete musanasambe, chifukwa sopo amabisala pansi pake.

Pochapa, potsuka mbale kapena posakaniza simenti, valani magolovesi a pulasitiki okhala ndi a thonje m'kati, ndipo muziwavula pakatha mphindi 20 kuti manja apume, popeza thukuta la m'kati mwake nalonso limadzutsa matuza. Posenda anyezi, adyo, tomato, tsabola ndi mandimu pemphani wina akuthandizeni kufikira manja atapola. Kumapazi valani masokosi a thonje, asintheni akanyowa, yanikani nsapato padzuwa, ndipo mukaweruka valani nsapato zotsegula.

Mankhwala a kuchipatala ndi a pamsika

Mankhwala enieni a matendawa ndi opaka a gulu la steroid, monga betamethasone. Chifukwa khungu la m'chikhatho ndi lochindikala, amafunika amphamvu ndithu, koma opakidwa mopyapyala, pamalo odwala pokha, kwa masiku amene wachipatala wanena, nthawi zambiri masabata awiri. Kuwapaka miyezi yambiri kumapyapyalitsa khungu, ndipo kuwapaka pa linyetsu kapena pa chipere kumakulitsa matendawo. Musawapake kumaso ndipo musagawire mnzanu. Timachubu togulitsidwa pamphasa mumsika, kuphatikizapo mafuta oyeretsa khungu, tina tili ndi steroid wamphamvu kwambiri wotchedwa clobetasol, ndipo wogulitsayo sangakuuzeni mlingo wake. Gulani mankhwala m'mafamase ovomerezedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Ngati matuza akutuluka madzi, achipatala angakupatseni potassium permanganate woviikamo manja kapena mapazi. Sungunulani pang'ono m'madzi ambiri, asungunuke bwinobwino mpaka madzi angosintha mtundu pang'ono chabe, a pinki wotuwa, ndipo viikani kwa mphindi 10 mpaka 15. Akachuluka amawotcha khungu. Si wakumwa ayi, ndipo muikeni poti mwana sangafike. Mapiritsi ochepetsa kuyabwa monga chlorpheniramine amagonetsa, choncho oyendetsa galimoto ndi a kabaza amwe pogona pokha. Thuza lalikulu lopweteka, wachipatala ndiye angalichotse madzi ndi singano yoyera, chikopa chake n'kuchisiya pomwepo. Ngati mwalandira mankhwala opha tizilombo chifukwa cha mafinya, malizani onse.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khungu la m'manja limatenga masabata kuti libwerere mwakale, ndipo ngakhale matuza atauma, pitirizani kudzola ndi kuteteza manja kwa miyezi ingapo. Zikakanika kusintha patatha masabata awiri muli pa mankhwala, kapena zikamabwerabwera, bwererani mukapemphe kuti akutumizeni kwa oona za khungu ku chipatala cha boma lanu kapena ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu.

Kwa olemba ntchito ndi apabanja

Inu mabwana a pa zomangamanga, eni masaluni, eni malo odyera ndi inu amene muli ndi wantchito wapakhomo: musamuchotse ntchito munthu chifukwa cha matuzawa, sangapatsire kasitomala kapena ana anu. Mugulireni magolovesi, mupatseni ntchito yosanyowetsa manja kwa masabata ochepa, ndipo mumulole apite kuchipatala. Bambo, ngati manja a mayi a kunyumba ang'ambika, zochapa ndi mbale zigwireni inuyo ndi ana. Aphunzitsi, mwana wa eczema asabwezedwe kunyumba kapena kukhazikidwa payekha.

Amene muli ndi matuzawa panopa, pitani ku chipatala chimene muli nacho pafupi sabata ino. Tengani buku lanu la kuchipatala, sopo amene mumagwiritsa ntchito, ndi chilichonse chimene mwakhala mukupaka, ngakhale chikhale chochititsa manyazi kuchitchula. Fotokozani ntchito imene mumagwira ndipo vulani nsapato kuti aonenso mapazi. Uthengawu uuzeni anzanu kumjigo, ku tchalitchi, ku mzikiti ndi kuntchito.