Paki ya Njamba Isasanduke Msika

Pakati pa Blantyre ndi Limbe pali paki ya Njamba, pamene Papa Yohane Paulo Wachiwiri adatsogolera mwambo wa Misa m'chaka cha 1989. Nkhani yokonzanso malo otere ikabuka, akuluakulu amathamangira kulota malesitilanti, masitolo ndi mpanda wautali wokhala ndi chipata cholipiritsa. Amati chimenecho ndicho chitukuko. Chitukuko cha yani?

Mwana wa ku Ndirande kapena ku Bangwe, kumene nyumba zidathithikana kotero kuti mpira amasewerera mumsewu, alibe ndalama ya pachipata. Iyeyo akufuna kapinga woti agubuduzikepo, katungwe wolimba ndi mpopi wa madzi akumwa. Agogo ake akufuna benchi pamthunzi wa mbawa. Onsewo akufuna chimbudzi chaukhondo, chinthu chimene olemba mapulani amachiika kumapeto chifukwa nduna siibwera kudzachitsegulira.

Oikira kumbuyo masitolo amati lendi yake ndiyo idzasamalire pakiyo. Komatu sitolo ikamangidwa imaitana inzake, kenaka pamafunika poimika magalimoto, ndipo yoyamba kugwa ndi mitengo imene idatenga zaka makumi angapo kuti ikule. Chonsecho wofuna kugula katundu sasowa kolowera: masitolo ali mbwee ku Chichiri, pafupi pomwepo.