Wofufuza Zakale Akabvulala Adekhe, Nchito Yace Siinathe

M'dziko la Britain, alimi akatha kukolola tirigu m'miyezi ya August ndi September, m'minda mumaoneka anthu oyenda pang'onopang'ono, nkhope ziri pansi, m'manja atagwira ndodo yokhala ndi kambale kunsi kwace. Awa ndi makina ofufuzira zitsulo m'nthaka, amene ambiri amangowacha kuti ditekita. M'kambale muja muli waya wokulungiza amene amatumiza mphamvu ya maginito pansi, ndipo mphamvuyo ikakhudza citsulo, makina amalira m'makutu mwa mwini wace. Pamenepo munthu amagwada nayamba kukumba. Kawirikawiri amafukula msomali kapena cotsekera pa botolo, koma tsiku lamwai amatulutsa ndalama ya Aroma kapena mphete yakalekale.

Ambiri a anthu amenewa ndi acikulire, ndipo palibe amene amawalipira. Amacita zimenezi kaamba ka cikondi ca zinthu zakale. Koma cikondi cimeneci cimadya thupi. Makinawo amalemera kilogalamu imodzi kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo kuwagwedezera uku ndi uku kuyambira m'mawa kufikira madzulo kumatupitsa mitsempha ya m'cigongono ndi ya m'phewa. Kugwada ndi kudzuka kosalekeza kumatha maondo, kukumba nthaka youma kumapweteka msana, ndipo woyenda m'munda wolimidwa catsopano sacedwa kubzungunyuka phazi. Tsono tsiku limafika pamene dotolo amanena kuti makina akolowekedwe, mwini wace akhale pansi.

Munthu wotere ali ndi dandaulo lomveka. Nyengo yofufuza ndi yaifupi, pakuti mlimi akafesa mbeu zina salola kuti anthu apondeponde m'munda mwace. Ndiponso m'Britain palibe wololedwa kufufuza pa malo popanda cilolezo ca mwini malowo, ndipo cilolezoco cimapezeka mobvutikira. Wodwala amaopa kuti pamene iye ali gone, wina adzapita kwa mlimi uja nalanda malo ace. Amadziwanso kuti pulao ndi feteleza zimaononga zitsulo zimene ziri pansi caka ndi caka. Mantha amenewa ndiwo amatuma ambiri kutaya ndodo yoyendera nthawi isanakwane ndi kubwerera kumunda ali cotsimphina.

Kutero ndi kulakwa. Fupa lotyoka limafuna masabata 6 kapena 8 kuti ligwirane, ndipo bondo kapena phewa locitidwa opaleshoni limafuna miyezi. Wolikakamiza lisanalimbe amadzutsa bala, ndipo m'malo motaya nyengo imodzi angathe kutaya zaka zonse zimene zamtsalira. Zinthu za pansi zimadikira. Cuma ca ku Hoxne, m'cigawo ca Suffolk, cinakwiriridwa patapita caka ca 407, ndipo cinakhala m'nthaka kufikira mu November 1992 pamene Eric Lawes, mkulu wopuma pa nchito, anacipeza akufunafuna hamala imene bwenzi lace linataya m'munda. Cinthu cimene capirira zaka zoposa 1,500 sicingathe kaamba ka miyezi itatu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mau amenewa ayenera wodwala koposa munthu wina ali yense.

Cacikulu cimene wobvulala ayenera kuzindikira ndi cakuti kukumba ndi theka cabe la nchito yace. Theka linalo ndi kulemba, ndipo ndilo limene ambiri amalinyozera pamene miyendo iri yolimba. Ndalama yakale imene palibe adziwa pamene inapezeka iri ngati kalata yopanda keyala. Akatswiri a mbiri amafuna kudziwa munda wace, malo eni eni, ndi zina zimene zinali pafupi nayo, cifukwa zimenezi ndizo zimasonyeza pamene panali mudzi, msika kapena njira ya amalonda.

Ndico cifukwa cace boma la Britain linakhazikitsa lamulo la Treasure Act mu 1996. Lamuloli, limene limagwira nchito m'England, Wales ndi Northern Ireland, limafuna kuti wopeza cuma cakale ca golide kapena siliva auze akuluakulu asanathe masiku 14. Nyumba yosungiramo zakale ikafuna cumaco, mphotho imaperekedwa, ndipo kawirikawiri wopeza ndi mwini munda amagawana pakati. Mu 1997 kunayambanso dongosolo la Portable Antiquities Scheme, limene m'England limayang'aniridwa ndi British Museum, lolembetsa mwaufulu zinthu zina zonse zakale. Zinthu zoposa miliyoni imodzi ndi theka zalembedwa kale, ndipo zocuruka zinapezedwa ndi anthu wamba a makina amenewa.

Phindu la kudekha ndi kuulula linaoneka ku Frome, m'cigawo ca Somerset, mu 2010. Dave Crisp atakhudza pakamwa pa mbiya yaikuru, analeka kukumba naitana akatswiri. Iwo anaphwasula mbiyayo mwadongosolo, napezamo ndalama za Aroma 52,503, ndipo cifukwa cakuti sizinasokonezedwe, anatha kuona mmene zinathiridwira. Eric Lawes nayenso anauza akuluakulu tsiku lomwelo, ndipo ndalama 14,865 pamodzi ndi zipangizo za golide ndi siliva zinatuluka bwino. Iye ndi mlimi wa pamalopo anagawana mapaundi 1.75 miliyoni. Koma amuna awiri amene anapeza cuma ca m'nthawi ya Mfumu Alfred pafupi ndi Leominster mu 2015 anabisa nayamba kugulitsa mobisa. Mu 2019 khoti linawaponya m'ndende, ndipo ndalama zambiri za cumaco zinamwazika osapezekanso.

Tsono munthu amene ali pampando, mwendo uli m'cikhakha, ali ndi nchito yomkwanira. Pafupifupi wofufuza ali yense ali ndi zitini ndi timatumba ta zinthu zimene anaunjika kwa zaka zambiri, akumati adzazilongosola tsiku lina. Tsikulo ndi lomweli. Atulutse cimodzi cimodzi, acijambule, aciyese kulemera kwace, alembe pamene cinapezeka maganizo asanaiwale, ndipo apite naco kwa wolembetsa wa m'cigawo cace. Asacipukute ndi mankhwala kuti cinyezimire, pakuti kutero kumafafaniza zolemba zace. Awerenge mapu akale, alembere alimi makalata owathokoza, ndipo acite mokhulupirika zolimbitsa ziwalo zimene acipatala amuuza. Munthu akamwalira osalemba, ana ace amapeza citini ca zitsulo zobiriwira zimene sadziwa tanthauzo lace, ndipo mbiri ya mudzi wathunthu imathera kudzala.

Anzace a wodwalayo nawonso ali ndi udindo. Bala la thupi limapola msanga kuposa cisoni ca munthu amene anazolowera mphepo ya kumunda ndi kuceza kwa anzace, ndipo tsopano ali yekha m'nyumba. Magulu a ofufuza amutenge pa galimoto, amukhazike pampando m'mbali mwa munda, akhale iye wolandira ndi wolemba zimene ena afukula. Munda wace ausunge, asaulande. Nzako akapsa ndebvu m'zimire, mawa adzazima zako.

Kuti nchito ya zakale imathandiza kucira si nkhani yongoganizira. Mu 2011 asilikali a Britain anayamba dongosolo la Operation Nightingale, lotenga asilikali obvulala ku nkhondo ya Afghanistan kukafukula zakale pamodzi ndi akatswiri ku Salisbury Plain. Mu 2015 Mark Evans ndi Charles Foinette, a gulu la nkhondo la Coldstream Guards, anayamba Waterloo Uncovered ku Belgium, pa bwalo limene Napoleon anagonjera mu 1815. Kumeneko makina ofufuzira zitsulo anatulutsa zipolopolo zambiri pafupi ndi famu ya Hougoumont. Amene sanathe kugwada anapatsidwa nchito yotsuka, yowerenga ndi yolemba, ndipo onse anayesedwa anchito ofanana.

M'Zambia makina amenewa adziwika kwambiri cifukwa ca golide, makamaka ciyambire 2019 pamene anthu anakhamukira ku Kasenseli m'boma la Mwinilunga, ndiponso m'madera ena a Cigawo ca Kum'mawa monga Petauke ndi Vubwi. Kuno wogwira ditekita amafuna cakudya ca ana ace, ndipo akabvulala m'dzenje cakudyaco cimaima tsiku lomwelo. Kwa iye ciyeso cobwerera bala lisanapole ndi cacikuru koposa, ndipo mapeto ace angakhale kulemala kwa moyo wonse. Wocekedwa ndi citsulo ca m'dothi athamangire kucipatala, cifukwa kafumbata amakhala m'nthaka ndipo amapha.

Nthaka ya dziko lino nayo iri ndi mbiri yace. Ku Ing'ombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, anchito okumba maziko a thanki ya madzi mu 1960 anapeza manda a anthu oikidwa ndi mikanda ya golide ndi mitanda ya mkuwa. Cifukwa cakuti nkhaniyo inafika kwa akatswiri, lero ana a sukulu amaphunzira za malonda akale a m'cigwa ca Zambezi. Lamulo la 1989 lokhazikitsa National Heritage Conservation Commission limafuna kuti wopeza cinthu cakale adziwitse bungwelo. Makina ofuna golide sasankha, amalira pa mtanda wa mkuwa monga amalirira pa mwala wa golide, ndipo mtanda wosungunulidwa subweranso.

Cotero wofufuza amene wabvulala, kaya ali ku Suffolk kaya ku Petauke, amvere dotolo, asunge thupi lace, ndipo masiku a kucira awagwiritse nchito polongosola ndi kuulula zimene anapeza kale. Anzace asamtaye, ndipo akuluakulu oyang'anira zakale amufupikitsire njira yolembetsera. Akadzabwerera kumunda ali wolimba, adzakhala atathandiza kale dziko lace koposa mnzace amene anakumba nyengo yonse osalemba kanthu.