ILALA: SITIMA IMENE IRI MSEU WA ANTHU A PA ZILUMBA

Munthu wokhala ku Lilayi akafuna kupita m'tauni ya Lusaka amangoima m'mbali mwa mseu wa Kafue, ndipo posakhalitsa basi imamtenga. Mlimi wa ku Katete kapena ku Lundazi, ngakhale mseu utaonongeka ndi mvula, ali nayo njinga, ngolo kapena miyendo yake. Koma m'dziko la Malawi muli anthu oposa 14,000, monga mwa kalembera wa 2018, amene alibe mseu uli wonse wowafikitsa kumtunda. Amenewa ndiwo a pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu, ndipo kwa zaka zoposa 70 moyo wao wadalira makamaka sitima imodzi, dzina lake Ilala.

Dzinali ndi la muno m'Zambia. Ilala ndilo dziko la Alala kwa Chitambo, kumene David Livingstone anafera m'caka ca 1873. Amishoni a ku Scotland anapatsa dzinali sitima yao yoyamba pa nyanja ya Malawi mu 1875. Ilala ya lero inapangidwa ku Glasgow mu 1949, inadza zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, nilumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba nchito mu 1951. Kwa zaka zambiri njira yake yakhala ya pakati pa Monkey Bay kumwera ndi Chilumba kumpoto, kupita ndi kubwera kamodzi pa mlungu.

Alendo ocokera kunja amaukonda ulendowu cifukwa m'tsiku limodzi munthu akhoza kukwera zoyendera za pamadzi zinai. Amakwera Ilala ku Nkhata Bay, kawirikawiri madzulo, nafika ku Chizumulu usiku. Kumeneko sitima siifika kugombe. Imaponya nangula patali, ndipo anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono amene sitimayo imanyamula m'mbali mwake. Boti likagunda mcenga munthu amalumphira m'madzi, katundu ali pamutu. Kukaca, wofuna kupitirira amakwera bwato la thanga kapena la injini kunka ku Likoma, kumene kuli chalichi cacikulu ca St Peter's cimene Aangilikani anayamba kumanga mu 1903. Akali ndi mphamvu ndiponso makalata oyendera, boti lina limamuolotsa kupita ku Cobué ku Mozambique, popeza zilumba ziwirizi, ngakhale ndi za Malawi, zazingidwa ndi madzi a dzikolo.

Mlendo amabwerera kwao ndi zithunzi. Koma wofuna kumvetsa nkhaniyi ayenera kutsikira m'cipinda ca pansi ca sitima, momwe anthu amagona pamwamba pa katundu wao. Mmenemo muli matumba a cimanga, simenti, malata, sopo, mcere, ana obwerera kusukulu ndi odwala otumizidwa ku cipatala ca kumtunda. Nthaka ya pa zilumbazi ndi ya miyala ndi mcenga. Cinangwa cimayesako, koma cakudya cokwanira anthu onse sicicoka m'minda yao. Cuma cao ndi nsomba, makamaka usipa wouma, ndipo usipawo sukhala ndalama kufikira utafika ku msika wa kumtunda. Ndege imatera pa Likoma, inde, koma palibe mai amene anakwezapo dengu la usipa m'ndege.

Cifukwa cake tsono, sitima ikafa, cilumba conse cimadwala. Mu 2012 Ilala inakhala miyezi yambiri padoko poikidwa mainjini atsopano. Sitima yocepa, Chilembwe, yagwirizirapo m'zaka za pambuyo pake, koma siinyamula zonse zimene Ilala imanyamula. Pa nthawi zotere katundu amasowa m'masitolo, mitengo imakwera, ndipo coopsa koposa n'cakuti anthu amadzazana m'maboti a matabwa kuti aoloke mtunda wa makilomita pafupifupi 70. Nyanjayi siseweretsedwa. M'miyezi ya cisanu mphepo ya mwera imautsa mafunde aakulu, ndipo okalamba a kumpoto kwa Malawi akali kukumbuka tsiku la 30 Julayi 1946, pamene sitima ya Vipya inamira ndi anthu 145.

Nkhani imeneyi siiri ya Amalawi okha. Pa nyanja ya Bangweulu anthu a ku Chilubi, Mbabala ndi Chishi amayang'ana ku Samfya monga momwe a ku Likoma amayang'anira ku Nkhata Bay, ndipo nakonso boti lalikulu likaima, anthu amathamangira ku timaboti todzaza mopitirira. Ena adzati Zambia inaonetsa kale mankhwala ake pa Kazungula. N'zoona kuti pantuni ya pamenepo, imene inagubuduka ndi kupha anthu ambiri mu 2003, inalowedwa m'malo ndi ulalo wa mamita 923 umene unatsegulidwa mu Meyi 2021. Koma Kazungula ndi mtsinje, ndipo ndalama zinapezeka cifukwa pamadutsa malole a malonda a maiko ambiri. Ku Chizumulu kapena ku Chishi ulalo sudzamangidwa, ndipo malole sadzapitako.

Cotsala ndico kuona sitima monga mseu. Boma silifunsa mseu wa kumudzi kuti ubweze phindu lisanaukonze, koma sitima kawirikawiri imaweruzidwa ndi ndalama za matikiti, zimene anthu osauka a pa zilumba sangazikwanitse. Pafunika pofikira pomangidwa bwino kuti nkhalamba ndi amai apakati asamalumphire m'boti pa mdima, munthu wa Boma wowerenga okwera boti lisanacoke, ndiponso sitima yaciwiri yokonzeka isanafe yoyamba. Pa mfundo yotsirizayi mbiri siikondweretsa: Ilala yomweyi inapangidwa patapita zaka zitatu Vipya itamira kale.