Satifiketi ya nyumba yosamala chilengedwe isathere m'tauni

Mvula ikangosiya, madambo a ku Mitundu ndi ku Nathenje amadzaza ndi zikombole. Pofika mu Seputembala mauvuni amakhala akufuka, ndipo uvuni uliwonse umameza zipika za mitengo ikuluikulu, ngakhale ya mango. Anthu ophunzira tikaona utsiwo timathamangira kunena kuti anthu akumudzi akutha chilengedwe. Kumeneko ndi kuthawa mlandu. Amene amatumiza malole kukatenga njerwazo ndi eni mapuloti a m'tauni, ndipo mawa ndife tikayamba kulandira malipiro.

Mu 2018 boma, kudzera ku bungwe la NCIC, linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Lamulolo ndi labwino, koma nyumba ya munthu wamba, imene ili yochuluka kuposa zonse, linaisiya panja. Zotsatira zake tikuziona ku nkhalango ya Dzalanyama, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umamwetsa mzinda wonse. Nkhuni ndi makala zinaisakaza mpaka boma linatumizako asilikali mu 2015.

Tsono pabwera nkhani ya masatifiketi. Ya LEED inachokera ku America. Ya EDGE, ya bungwe la IFC, imafuna kuti nyumba ipulumutse 20 peresenti ya magetsi ndi ya madzi, komanso ichepetse ndi 20 peresenti mpweya wa kaboni umene umatuluka popanga zipangizo zomangira. Kuti uipeze uyenera kukhala ndi pulani yojambulidwa bwino ndi kulipira katswiri wodzayendera nyumbayo. Mphunzitsi wa pulayimale amene akumanga zipinda zitatu pa Nathenje, thumba limodzi la simenti mwezi uliwonse, angayambire pati? Nanga nyumba yopanda mpope ipulumutsa bwanji madzi a mu mpope?

Chopweteka ndi chakuti nyumba yosamala chilengedwe ilipo kale m'midzi yomweyi. Ya zidina ndi ya mdindo zipupa zake sizifuna uvuni, dothi lake ndi lapompo, ndipo mkati mumazizira mu Okutobala. Koma tinaipatsa dzina la umphawi. Mwana akalemera, chizindikiro chake ndi kugwetsa ya zidina n'kumangira makolo ya njerwa zowotcha.

Wina anena kuti zidina zimagwa mvula ikachuluka. Zimagwadi, makamaka pamene maziko ali osazama, chinyezi chikukwera m'chipupa, ndipo denga ndi lalifupi loti mvula imamenya khoma. Zonsezi ndi za kamangidwe, ndipo mmisiri wophunzitsidwa amazikonza. Palinso njerwa za dothi losakaniza simenti pang'ono, zopanidwa ndi makina popanda kuwotcha, monga za Durabric. Vuto lake ndi mtengo, komanso wogula kumudzi alibe njira yodziwira buloko yolimba ndi yonyenga simenti.

Apa ndiye pofunika satifiketi yathuyathu. Bungwe la MBS liziyesa mabuloko a opanga ang'onoang'ono pamisika ngati wa Mitundu n'kuwapatsa chidindo. A TEVETA aziphunzitsa amisiri kumanga ndi dothi losawotcha, ndipo chiphaso chawo chizidziwika kwa mfumu ndi ku khonsolo. Mabanki ndi ma SACCO azichepetsa chiwongoladzanja kwa womanga ndi zipangizo zovomerezekazi. Koleji ya Bunda ili pakhomo pa Mitundu. Kuyesa dothi la m'midzi yozungulira sikungaikanike. Ndipo woumba njerwa, amene uvuni ndiwo fizi ya ana ake, athandizidwe kupeza makina opanira asanalandidwe ntchito yake.

Anzanga, ambirife tikamaliza maphunziro maloto oyamba ndi puloti. Pa tsiku limene mudzaitanitse njerwa, mudzafunse kuti zawotchedwa ndi mitengo ya kuti. Mukadzaona kuti funsolo ndi lovuta, musadzaimenso pa msonkhano wa zachilengedwe n'kumaloza chala mayi wa ku Mitundu wosenza nkhuni.