Ikani ya K100 Cabe

Kale pa kutha kwa mwezi tinali kuyembekezela malipilo cabe. Manje timachelanso khutu ku ERB, bungwe loika mitengo ya mafuta, cifukwa kuyambila mu 2022 mtengo amaupenda mwezi ndi mwezi. Nkhani inayamba mu December 2021, pamene boma linaleka kuikako ndalama zothandizila: petulo inacoka pa K17.62 kufika pa K21.16 pa lita. Mu 2024 inapitilila K30. Mafuta timagula kunja ndi madola, dizilo kudzela mu paipi ya TAZAMA yocokela ku Dar es Salaam, petulo pa mathanka. Kwacha ikagwa, pampu imamva msanga.

Imililani pa filing'i stesheni mumvele. Mau akuti "dzazani" anasowa. Ni "ikani ya K100, bosi," maso ali pa mita. Ambili motoka yawo yakhala ya pa Sondo ndi pa malilo. Mkati mwa sabata ili pa yadi, mwini wake ali pa siteji. A neba amene sanali kupatsana moni lelo amasinthana kupeleka ana ku sukulu. Ena amazimya injini mu jamu ya pa Great East Road, ena amatsika mtunda pa nyutilo, cinthu cimene cimapulumutsa madontho cabe koma cingakupheni.

Koma wa motoka akali na posankha. Vuto yeniyeni ili mu minibasi. Dilaiva afunika kupeleka kashing'i kwa mwini basi tsiku lililonse, mafuta akwele kapena asakwele. Ndiye cifukwa cake sanyamuka pa Kulima Tower mpaka mpando wothela udzale, ndipo anthu akacepa panjila amakutsitsani kuti mukwele ina, iye n'kubwelela. Sitingamunene kwambili, nayenso ali na ana. Koma olipila ndimwe, ndipo simulipila na ndalama cabe: ola imene munali kufika ku nchito yasintha, mumauka kukali mdima.

Mafuta akakwela, kondakitala amadziwa mtengo watsopano m'mawa mwake. Akatsika, ngakhale RTSA ilengeze, mumakangana naye sabata yonse.

Pansi pa onse pali amene analeka kukwela. Pitani pa Los Angeles Road isanakwane 06:00 muone mzele wa anthu a ku Kanyama akuyenda pansi kupita ku tauni. Amayi ogulitsa ndiwo amawelenga kuti ndalama ya basi, kupita na kubwela, ni pamela ya usiku umenewo, ndiye amamanga citenje n'kuyamba ulendo.